Mbale wanu wakodwa ndi tramadol kapena heroin? Musanalipire rihabu iliyonse werengani izi kaye

Chamba ndi kachasu tonse timazidziwa kuno ku Thyolo ndi Mulanje, zimanunkha, munthu akamwa mudzi wonse umadziwa. Koma pali gulu lina la mankhwala lomwe limalowa m'makomo mwakachetechete, tramadol, masirapu a chifuwa okhala ndi codeine, pethidine wa jakisoni, morphine, ndi ija ena amabwera nayo pochokera ku Joni, nyaope kapena whoonga, yomwe mkati mwake muli heroin. Onsewa ndi a mtundu umodzi, achipatala amati ma opioid, ndipo amamugwira munthu chimodzimodzi olo wina akugula pa shelefu wina kuseri kwa msika. Ambiri sanayambe ndi cholinga choledzera ayi. Wina msana unkamupweteka chifukwa chobereka dengu la tiyi tsiku lonse, wina anagwa pa njinga ya kabaza n'kuthyoka mwendo, anamulembera tramadol wa masiku ochepa, masiku anatha koma iye sanasiye. Nde pano banja lazindikira, amalume aitanitsa mbumba yonse, wina akuti timupititse ku rihabu, malo ogonera othandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala, wina akuti kwa abusa, wina akuti tingomutsekera m'chipinda sabata imodzi zichoka zokha. Ndalembazi ndi za banja lomwe lafika pamenepo.

Chomwe ambiri sakuuzani, makamaka amene akufuna ndalama zanu, nchakuti detox si kuchira. Detox ndi masiku aja thupi likulimbana ndi kukhala popanda mankhwala, kusanza, kutsegula m'mimba, kusagona, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimenezo zimakhala zadutsa. Zili ngati mmene amadulira tiyi ku esiteti nyengo yozizira, munda wonse umangooneka zitsa zokhazokha koma mizu ili phee pansi, mvula ikangogwa waphukanso. Chibaba chimatsala, kusowa tulo kumatsala, anzake aja akadali pa siteji pomwe paja, msana womwe unamuyambitsa ukupwetekabe. Ndipo pali choopsa china choposa zonsezi. Munthu akamamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku thupi limazolowera, nchifukwa chake amayamba ndi kapusozi mmodzi n'kufika pa khumi. Akasiya masabata awiri atatu kuzolowera kuja kumatha, thupi limabwerera mwakale. Nde tsiku lomwe wagonja n'kumwa mlingo wake wakale uja, womwe unkangomupatsa tulo, pano umamuyimitsa kupuma. Masabata oyamba munthu atatuluka ku rihabu, mu wodi kapena kundende ndi omwe amakhala oopsa kwambiri. Choncho malo aliwonse omwe mukuwaganizira muwayeze ndi funso ili, akatuluka pa geti paja chikumudikira nchani?

Dziwani kaye chomwe akumwa

Musanathamangire kulikonse khalani naye pansi, osati pa bwalo la abale makumi awiri aliyense akumuloza chala, koma munthu mmodzi kapena awiri omwe iye amawamvera, kaya mayi ake, kaya amalume, kaya mlongo wake. Sankhani nthawi yoti ali bwinobwino, osati akusinza kapena akunjenjemera. Mayi angathe kungoti, "Mwananga, sindinabwere kudzakukalipira, ndingofuna undiuze zoona, ukumwa chani, angati pa tsiku, unayamba liti?" Mayankhowo alembeni pa pepala kapena mu foni. Dzina la mankhwala, mphamvu yomwe yalembedwa pa paketi, kangati pa tsiku, akumeza, akusuta kapena akudzibaya, anamwa liti komaliza, akuphatikiza ndi chani. Mukapeza mapaketi otha pansi pa matiresi musataye, ikani mu jumbo mupite nawo kuchipatala, kapaketi kamodzi kamamuuza dokotala zambiri kuposa zomwe inu mungafotokoze. Nambala yomwe wakuuzaniyo muzidziwiratu kuti waichepetsa, si kuti ndi wabodza wachibadwa, ndi manyazi chabe.

Zing'onozing'ono zimenezi ndi zomwe zimaloza njira. Kapusozi wa tramadol wa kuchipatala amakhala wa 50 mg ndipo malire a munthu wamkulu ndi 400 mg pa tsiku, makapusozi 8 basi, kupitirira apo munthu amatha kugwa n'kumaphiriphitha ngati wa khunyu. Tramadol yu alinso ndi khalidwe lakelake, pomusiya mwadzidzidzi ena amagwidwa mantha osaneneka, kusokonezeka mutu, mpaka kumva kapena kuona zinthu zomwe palibe. Mapilitsi ambiri a codeine amakhala osakaniza ndi paracetamol, nde wofuna codeine yo amameza ambirimbiri osadziwa kuti paracetamol akapitirira magalamu 4 pa tsiku amaononga chiwindi, ameneyo afunika kuyezedwa magazi. Wodzibaya jakisoni akayezetse HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Koma chachikulu ndi mowa ndi mankhwala ogonetsa aja a diazepam. Kusiya heroin kapena tramadol kumazunza koma kawirikawiri sikupha pakokha, pomwe munthu womwa midoli kapena kachasu tsiku lililonse, kapena wozolowera diazepam, akasiya mwadzidzidzi amatha kufa ndithu, amakomoka, mutu kuzungulira, thupi kutentha. Ngati akuphatikiza zimenezi zotsekera m'chipinda zija iwalani, ameneyo ndi wa kuchipatala.

Wina wosayesa naye kunyumba ndi mayi woyembekezera, kusiya mwadzidzidzi kumatha kuchotsa mimba kapena kubweretsa mwana masiku asanakwane, apite ku sikelo akanene zoona kwa anamwino ndipo asasiye yekha mpaka dokotala atanena chochita. Chimodzimodzi wa khunyu, wa mtima, wa shuga, amene ali pa mankhwala a TB, amene waonda kwambiri, komanso aliyense amene wanenapo kuti bola kungofa. Mawu amenewo osawatenga ngati akungokuopsezani, chotsani tameki ndi mankhwala a mbewu m'nyumba, asatsale yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuti musadzadzidzimuke, zimakhala chonchi. Kwa heroin ndi ena osakhalitsa m'thupi zimayamba pakati pa maola 8 ndi 24 chimwereni komaliza. Amayamba kuyasamula kosalekeza, misozi ikungotuluka osati akulira, mamina chuchuchu, nde inu mumangoti ndi chimfine cha chiperoni. Kenako thukuta, tsemwe pakhungu, akuti ndikumva kuzizira ndifunditseni bulangete, pasanathe mphindi zisanu walitaya uko akuti ndikupsa. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu nde pachimake, mafupa kuphwanya kuposa malungo, m'mimba kupota, kusanza, kuthamangira kuchimbudzi kosatha, miyendo kumangopalasa pa mphasa usiku wonse osapeza pogonera. Apa ndi pomwe amakulonjezani chilichonse, amalira, amatukwana ngakhale mayi ake omubereka, amapempha kamodzi kokha komaliza. Pofika tsiku la 5 mpaka la 10 zambiri zimakhala zatsika, kutsala kufooka, kusagona ndi kukhumudwa, zomwe zimatha kutenga masabata ngakhale miyezi. Choopsa m'masiku amenewa ndi kutha madzi m'thupi, choncho ORS akhale pafupi, phala lamadzimadzi, nthochi, madzi pang'onopang'ono pafupipafupi, ndipo akangofika poti chilichonse akubweza kapena wasiya kukodza, dilipi ikufunika basi, musadikire kuti kuche.

Koyambira

Yambirani pa chipatala cha boma, pa Thyolo District Hospital kapena Mulanje District Hospital, kapena pa health centre yanu akulembereni kalata yokutumizani kumeneko. Mukafika funsani namwino kapena clinical officer woona za matenda a maganizo. Ambiri akamva zimenezi amanyanyuka, amati nde mukunditenga ngati wamisala eti, koma m'dziko muno nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zimaonedwa ndi anthu amenewo, ndi omwe anaziphunzira. Ena amaopa kuti akanena zoona aitanidwira apolisi, ayi, zomwe wodwala wakambirana ndi dokotala ndi zachinsinsi ndipo akabisa amadzipweteka yekha. Kuchipatala cha boma simulipira, ndipo iwo ndi amene angaone ngati nkhaniyo ithere pompo kapena ipite ku Queens ku Blantyre komwe kuli madokotala akuluakulu a za maganizo, kapena ku Zomba Mental Hospital. Ziliponso zipatala za mishoni, Malamulo ku Makwasa ndi Mulanje Mission, kumeneko mumalipira koma kwa ena ndi kufupi, angathe kumuyeza, kumugoneka ngati watha madzi, n'kukulozerani kopita. A St John of God, omwe ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amadziwika ndi pulogalamu yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala, kutali inde, nde imbani kaye mufunse za malo, mtengo ndi zomwe munthu abwere nazo musanakwere basi. Kabuku ka kuchipatala musakaiwale, ndipo ngati ali pa ma ARV kapena mankhwala ena alionse tengani mabotolo ake.

Njira zake si imodzi. Kwa munthu wa tramadol kapena codeine kawirikawiri dokotala amasankha kutsitsa mlingo pang'onopang'ono, sabata ino wakuti, sabata ya mawa wochepako, mpaka kufika pa ziro, munthu ali kwawo akumabwera ku kiliniki pa masiku oikika. Imakoma chifukwa munthu sasiya ntchito, koma imafuna wina wolimba mtima pakhomo wosunga mapilitsiwo n'kumapereka a tsiku limenelo okha, osati mayi amene mwana akangolira atsegula kabati. Ndondomekoyo alembe ndi dokotala, osati mnzake wa pa golosale wogulitsa mapilitsi omwewo. Njira ina ndi kugonekedwa mu wodi, kusiyiratu, n'kumapatsidwa mankhwala ochepetsa mavuto aja, oletsa kusanza, loperamide wa kutsegula m'mimba, paracetamol kapena Brufen wa mafupa, pena clonidine amene amachepetsa thukuta ndi kuthamanga kwa mtima koma amatsitsa BP nde amafuna woyeza pafupi. Ogonetsa ngati diazepam akaperekedwa akhale a masiku ochepa okha m'manja mwa namwino, kupanda apo mwachotsa chizolowezi china n'kulowetsa china.

Ndiye pali njira yomwe a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amaiyika patsogolo kwa munthu amene wakodwa zenizeni, makamaka ndi heroin, chifukwa ndi yomwe imachepetsa imfa kwambiri, kumwa methadone kapena buprenorphine tsiku lililonse kwa miyezi kapena zaka. Awiriwa ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira kuyambira 2005. Nawonso ndi ma opioid, ndipo apa ndi pomwe abale ambiri amakanira, amati nde mwangosintha botolo. Ine sindigwirizana nawo. Munthu akamwa mlingo wake kamodzi m'mawa pamaso pa namwino, tsiku lonse chibaba palibe, sakuba mbuzi ya agogo, sakudzibaya ndi jakisoni wobwerekana, akupita ku ganyu, madzulo akudya nsima ndi ana ake, nanga ife tinkafuna chani? Aneba athu ku Tanzania anatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, Kenya inayamba mu 2014, ku South Africa aliponso. Nde ngati mbale wanu ali ku Joni ndipo ndi komwe wakodwa ndi nyaope, musathamangire kumutumizira ya basi kuti adzachire kumudzi, afufuze kaye konko, kuli a SANCA, bungwe lothandiza okodwa ndi mowa ndi mankhwala, ndi makiliniki ena, ndipo ngati wayamba kale methadone asabwere asanakambirane ndi dokotala wake momwe adzapitirizire kapena kutsitsira, chifukwa kusiya methadone mwadzidzidzi kumazunza nthawi yaitali kuposa heroin, masiku 10 mpaka 20. Kuno afunseni adokotala mosapita m'mbali ngati njira imeneyi ingatheke kwa wodwala wanu ndipo ndi kuti. Si mankhwala ogula pa msika kapena kuitanitsa kwa dalaivala wa thiraki, methadone wopanda woyeza mlingo amapha makamaka masabata awiri oyamba, ndipo rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu yake nde dokotala ayenera kudziwa zonse zomwe munthu akumwa.

Palinso naltrexone, ameneyu si opioid, ntchito yake ndi kutseka njira kuti olo munthu amwe asamve kanthu. Amayambidwa munthu atakhala masiku 7 mpaka 10 osalawa chilichonse, mukafulumira amamugwetsera m'mavuto onse aja nthawi imodzi. Amathandiza amene watsimikiza mtima ndipo ali ndi womuyang'anira, koma akangosiya kumwa chitetezo chatha. Ndipo mukamva malo akulonjeza kumugoneka ndi mankhwala a ku fiyeta kuti adzuke atayera pa tsiku limodzi, thawani, a WHO amaletsa njira imeneyo, ilipo anthu anafa nayo.

Ma rihabu olipira

Tsopano malo ogonera aja omwe mumawaona pa Facebook ndi pa WhatsApp, zithunzi za kapinga wobiriwira ndi anyamata akumwetulira. Ena ndi abwino ndithu, ena ndi nyumba ya lendi chabe yokhala ndi mlonda wa chibonga. Musatumize ndalama pa foni musanapondepo. Pitani nokha, anthu awiri, tsiku lomwe sakukuyembekezani. Funsani kuti dokotala kapena clinical officer wawo ndi ndani, ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi kodi, anamwino nawo ali m'kaundula wa Nurses and Midwives Council kodi, ziphasozo muzione ndi maso anu. Funsani kuti usiku 2 koloko munthu akayamba kukomoka pamakhala ndani, galimoto ilipo, amathamangira chipatala chiti. Funsani ngati anasamalirapo anthu a tramadol kapena heroin, chifukwa malo angathe kukhala odziwa za mowa ndi chamba koma izi n'zina. Funsani ngati ali naye naloxone, mankhwala opulumutsa munthu amene wamwa ma opioid mopyola. Akakubwezerani funso kuti naloxone nchani, tsanzikani muzipita.

Kenako pemphani kuona pogona ndi chimbudzi, osati ofesi yokha. Yang'anani zitseko, loko ili kunja kapena mkati? Pa mwendo wa bedi palibe tcheni? Kukhitchini akuphika chani? Yang'anani m'manja ndi m'miyendo mwa omwe ali momwemo ngati muli zipsera za zingwe, ndipo onani ngati akulolani kucheza ndi mmodzi popanda bwana kuima pambali. Malo omwe amamenya, kumanga, kumana munthu chakudya ngati chilango, kapena kuletsa abale kumuona miyezi ndi miyezi, kumeneko kulibe chithandizo. Malo omwe amati akalowa muno ma ARV kapena mankhwala a khunyu asiye kaye, ayi. Malo omwe amati aliyense amachira kwa ife palibe wobwerera, akunama, malo otero padziko pano kulibe. Funsani kuti tsiku limayenda bwanji kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngati yankho ndi kupalira m'munda wa mwini malo ndi kuimba basi, popanda uphungu wa munthu payekha ndi wa pagulu, nde dziwani kuti mukulipira kuti mwana wanu akagwire ganyu yaulere. Mtengo aulembe wonse pa pepala, chakudya, mankhwala, kuyeza magazi, ndi zomwe zimachitika ndi ndalama zanu munthu akathawa sabata yoyamba.

Pomaliza afunseni funso lija lalikulu. "Abwana, mwana wathuyu akatuluka muzimuona liti, azimuona ndani, kwa miyezi ingati, ndipo ife a pakhomo mutiphunzitsa chani?" Malo abwino amayankha pompo chifukwa ndi zomwe amachita kale, amakuuzani za masiku obwera ku kiliniki, za gulu lokumana, za nambala yoimba usiku. Amene angoti akatuluka amakhala atasintha kale musadandaule, ameneyo ntchito yake imathera pa geti.

Za mapemphero, ine ndimapemphera ndipo mpingo umatha kumugwira munthu dzanja pomwe abale anatopa naye. Abusa, ashehe, amayi a Mvano, anzake a kwaya, onsewo ndi ofunika makamaka miyezi ya pambuyo. Koma pemphero liyende limodzi ndi chipatala, kumusalitsa kudya masiku atatu munthu amene akusanza ndi kutsegula m'mimba ndi kumukankhira kumanda. Chimodzimodzi zitsamba zosanzitsa, vutoli silili m'mimba kuti mulisanzitse. Zomugwira anyamata anayi n'kumuponya mu galimoto nazo zimamveka pokhapokha moyo wake kapena wa ena uli pangozi, ndipo aweruze ndi achipatala. Wokakamizidwa amangowerenga masiku, bola muchedwe sabata ziwiri mukumunyengerera apite ndi miyendo yake.

Pa ndalama ndinene mwachidule. Musagulitse munda kapena kulowa katapila kuti mulipire miyezi itatu ya rihabu n'kutsala opanda olo ya minibasi yopitira ku kiliniki akatuluka. Kuchoka ku Thekerani kapena ku Muloza kupita pa boma mwezi ndi mwezi, anthu awiri, kwa chaka chathunthu, ndi ndalama ndithu. Imeneyo ipatuleni kaye, yotsalayo ndi yomwe ikuuzeni malo omwe mungakwanitse, olo akhale wodi ya boma.

Akabwerera pakhomo

Tsiku lotuluka lisanafike deti yobwerera ku kiliniki ikhale italembedwa m'kabuku, ndipo adziwike amene azimuperekeza. Fufuzani m'nyumba monse, m'masokosi, kudenga, m'thumba la jekete, chifukwa kamodzi komwe anabisa kale kangathe kugwetsa zonse. Simu khadi asinthe. Ngati ali ndi ngongole kwa omugulitsa ikambidwe poyera pabanja, isakhale chifukwa choti iwo azimuyendera. Tsiku la malipiro ndi lovuta kwambiri, gwirizanani naye, osati kumulanda, kuti miyezi yoyamba ndalama izisungidwa ndi wina n'kumapatsidwa ya tsiku. Ngati siteji ya kabaza yomwe ankaima ndi yomwe kumapezeka mapilitsi, asinthe siteji olo ikhale ya makasitomala ochepa. Ndipo ululu uja womwe unayambitsa zonse muubwerere, akaonedwe msana, mwendo, dzino, afunse za physio ndi mankhwala ena omwe si a gulu limeneli, ndipo kulikonse komwe wapita kuchipatala aziuza womulembera mankhwala kuti ine tramadol ndi codeine ayi. Wokhumudwa kwambiri, wosagona masabata, wosafuna kudya, anenenso ku kiliniki, kukhumudwa kumachizika ndipo kukasiyidwa ndi komwe kumamubweza. Asakhale chikhalire pakhonde kuyambira m'mawa, apeze chochita, kudimba, mpira, kuperekeza amalume kumsika ku Bvumbwe, chilichonse. Inunso pakhomo lekani kumukumbutsa foni ija anagulitsa nthawi iliyonse mwakwiya.

Aliyense pakhomo, ngakhale mwana wa sitandade 8, adziwe zizindikiro za munthu amene wamwa mopyola. Sakudzuka olo mumugwedeze kapena kumutikita mwamphamvu pa fupa la pachifuwa, akupuma pang'onopang'ono kwambiri kapena akuliza mkonono wachilendo wokokera, milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu, mwana wa diso wachepa kwambiri kungotsala kadontho. Osamusiya kuti agone zimuthera, osamuthira madzi, osamumwetsa mkaka kapena madzi a mchere, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, wina athamangire galimoto, ndipo ngati wasiya kupuma mugonekeni chagada, mutukuleni chibwano, mutsekeni mphuno n'kumamupumira mkamwa kamodzi pa masekondi 5 aliwonse. Pofika kuchipatala osachita manyazi, nenani pakhomo pomwe kuti wamwa tramadol kapena heroin kuti amupatse naloxone, jakisoni amene amabweza mphamvu ya mankhwalawa pa mphindi zochepa. Koma naloxone amatha mphamvu pakati pa mphindi 30 ndi 90 pomwe chomwe anamwa chija chikadali m'thupi, nde akadzuka n'kuyamba kuvuta kuti ndili bwino tiyeni kunyumba, musamumvere, akhale mpaka madokotala amutulutse okha. Afunseninso adokotala ngati nkotheka kuti mukhale naye naloxone kunyumba ndi kukuphunzitsani kabayidwe kake.

Akagwanso, ndipo ambiri amagwa kangapo asanaime, musamuthamangitse pakhomo, wothamangitsidwa amakamwera kwayekha kuseri komwe kulibe womudzutsa. Mugwirizane izi akadali bwino, "Achimwene, mukadzagwa mudzandiuze ine tsiku lomwelo, sindikaulula kwa wina aliyense, tidzangopita limodzi ku kiliniki." Ndipo mumuuze mosabisa, olo zikumveka zachilendo pakamwa pa kholo, kuti ngati wagonja asabwerere pa mlingo wakale, asamwe ali yekha, asaphatikize ndi mowa kapena diazepam. Ku kiliniki pitani sabata yomweyo ndi kabuku komweko, mwina njira yoyamba ija sinali yomukwanira ndipo pakufunika ina.

China chomwe chimaiwalika, m'makomo ena muli agogo kapena mayi wodwala khansa amene amalandira morphine wamadzi kuchipatala. Ameneyo musamulande mankhwala ake chifukwa cha mantha omwe mwatenga pa nkhani ya mnyamatayu, ululu wake ndi weniweni ndipo akumwa motsatira dokotala. Chofunika ndi kabati yokhoma, kiyi asunge munthu mmodzi, azilemba mlingo womwe wapereka ndi kuona pomwe botolo lalekezera tsiku lililonse. Auzeninso anamwino omwe amamuyendera kuti pakhomo pali wina amene akulimbana ndi chizolowezi, ndipo botolo likatsala chifukwa wodwala wasinthidwa mankhwala kapena watisiya, libwezeni kuchipatala komwe munalitenga.